Dzanja la Sajeni Hobbs

Mabwana awiri anali atamufera kale m'manja Sajeni Odell Hobbs m'chaka chomwecho cha 1968, choncho helikopita itatula wachitatu pamwamba pa phiri lawo m'nkhalango za ku Vietnam, anangomuyang'ana kamodzi n'kulavulira pambali. Mnyamatayo anali miyendo yokhayokha, khosi lalitali, tsitsi ngati ndevu za chimanga, yunifolomu ikadali ndi mizere ya simbi. Pakolala pankanyezimira kachitsulo ka ulefutenanti, m'chiuno munali kamfuti kakang'ono, mapu ali poyera m'manja. Chilichonse chimene mdani amafunafuna ndi maso, mwana wa eni ake anabwera atachivala.

"Ambuye, ine ndinakulakwirani chiyani?" anadandaula chamumtima Hobbs.

"Ndine Lefutenanti Warren Dahlquist," anatero mnyamatayo ataima njo, akudikira sawatcha monga anamuphunzitsira kusukulu.

Hobbs sanakweze dzanja. Anamugwira pamkono, n'kumukokera kuseri kwa matumba a mchenga, n'kumukhazika pansi.

"Takulandirani, bwana. Mawu akuti bwanawo muwamvetsetse, chifukwa mwawamva komaliza. Vulani kachitsuloko. Kamfutiko bweretsani kuno, mutenge mfuti yaitali ngati wina aliyense. Mapuwo alowe m'malaya."

"Koma a Sajeni, malamulo amati..."

"Malamulo ali ku Washington, akumwa khofi. Kuno kuli mitengo mukuionayo. M'mitengomo mumakhala munthu wodekha kwambiri, wa mfuti yagalasi loonera patali. Amawombera kamodzi n'kuthawa, ndiye chipolopolo chakecho sangachitayire pa mphawi ngati ine. Amafuna mutu wa gulu. Amaudziwira ku kachitsulo, ku mapu, kapena munthu akamakonda kuima pafupi ndi wailesi. Koma chimene chimamusangalatsa koposa ndi sawatcha. Kuno kuchitira munthu sawatcha n'kumuloza chala kuti iphani uyu."

Mnyamatayo anavula kachitsuloko n'kukaponya m'thumba.

"Chinanso, a Sajeni?"

Hobbs anadabwa pang'ono. Awiri oyamba aja pofika apa anali atayamba kale kumukumbutsa kuti wamkulu ndani.

Lamulo la nthawiyo linali lakuti msilikali wamba azikhala kutchire chaka chathunthu, koma lefutenanti miyezi isanu ndi umodzi yokha, kenako azikamukhazika pa desiki kumalikulu kuti mnzake adzalaweko nkhondo. Amene anakhazikitsa lamulo limenelo sanagonepo m'matope chibadwire. Munthu akangoyamba kudziwa ntchito ankamuchotsa, n'kubweretsa mbuli ina yoti idzaphunzirire pa miyoyo ya ana a anthu. Komabe kwa lefutenantiyo lamuloli linali khomo lotulukira. Woyamba wa Hobbs anakhala masabata asanu ndi awiri, wachiwiri masiku khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo onse awiri anawanyamula yekha kukawakweza mu helikopita atawakulunga. Hobbs anali munthu wakuda wa ku Georgia, wa zaka makumi anayi, amene analowa usilikali ali ndi zaka makumi awiri ndipo nkhondo ya ku Korea anaiona ndi maso. Kulira anasiya kale, koma kunyamula ana kunali kutamutopetsa. Tsiku limenelo analumbira mumtima kuti ameneyu yekha, kaya zivute zitani, miyezi yakeyo aimaliza ndipo akwera helikopita ndi miyendo yake.

Dzina anamupatsa ndi Benavides, wonyamula wailesi, mnyamata wa ku Texas amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale zipolopolo zikulira. Atamva kuti bwana watsopanoyo kwawo n'ku Minnesota, pafamu ya ng'ombe zamkaka, anamuyang'ana akutsetsereka m'matope miyendo ili tang'a, n'kuphulika kuseka.

"Aise, taonani! Thole lobadwa dzulo!"

Kuyambira pamenepo gulu lonse, anthu makumi atatu, linkamutcha a Thole. Iye ankavomera, nthawi zina mochita kulira ngati ng'ombe.

Mwezi woyamba anawasocheretsa kawiri. Ulendo wachiwiri anawayendetsa theka la tsiku m'dambo la misundu mpaka anatulukira pomwe ananyamukira, pomwe panali zitini zawo zomwe za m'mawa. Anyamata anali atatupa ndi mkwiyo. Dahlquist anavula chipewa, n'kukanda m'mutu, n'kunena poyera kuti, "Anzanga, ndakusocheretsani ndine. A Sajeni, tandithandizeni, kampasiyi ndi ine sitikumvana." Hobbs m'zaka zake zonse anali asanamvepo ofisala akuvomera kulakwa pamaso pa anyamata ake. Sanadziwe ngati amumenye kapena amukumbatire, choncho anangolanda kampasiyo.

Koma panali zina zimene mnyamatayo sanachite kuphunzitsidwa. Akaima kuti apume, iye asanakhale pansi ankazungulira gulu lonse kuuza aliyense kuti avule jombo. Ankagwada, n'kutenga phazi la munthu m'manja, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana pakati pa zala, phazi lonunkha loti mwini wake yemwe ankaliyang'anira kumbali.

"A Thole, inu mumaona ngati ndife ng'ombe za bambo anu?" ankatero Benavides.

"Ng'ombe za bambo anga zimasamba, iwe. Bweretsa linalo."

"Mukatha mundikamenso."

"Ungatuluke chiyani iwe, mowa wokhawokha."

Dahlquist ankati ng'ombe imafera kuziboda, ndipo msilikali naye n'chimodzimodzi. Chakudya chikabwera ankatenga pomaliza, ndipo chitini cha nyemba ndi nyama yamafuta chija chimene aliyense ankachikana chinkathera kwa iye. Mapichesi akamugwera ankapatsa amene wadwala malungo. Hobbs ankaona zonsezi ndipo zinkamuopsa, chifukwa ankadziwa kuti ofisala wokondedwa ndi anyamata ake sachedwa kuiwala kuti naye ali ndi khungu loti chipolopolo n'kulowa. Ntchito yake inasanduka kumukalipira. Chokani pa wailesipo. Musaloze ndi dzanja, lozani ndi mlomo. Werama, mlongoti iwe! Msilikali wina watsopano atangoyamba kukweza dzanja pomuona lefutenantiyo, Hobbs anamumenya pamkono ndi chipewa chachitsulo mpaka mkonowo unatupa masiku atatu, ndipo sanapepese.

M'mwezi wachinayi analowa m'kamudzi kena ka m'mbali mwa minda ya mpunga kukafufuza zida. Zida sanazipeze. Anapeza mkulu wina wowonda, wa ndevu zowerengeka, atagwada m'khola pafupi ndi njati yake yolimira, imene inali itagona chammbali ikubuula. Mwana anali atatulutsa mwendo umodzi wokha, ndipo zinkaoneka kuti wakhala choncho kuyambira dzulo lake. Dahlquist anangoona kamodzi, n'kupatsa Benavides mfuti yake, n'kuyamba kuvula malaya.

"Mukutani?" anafunsa Hobbs.

"Mwendo winawo wapindikira m'kati. Akapanda kuuwongola zifa zonse ziwiri."

"Zife! Tabwera kudzazamitsa njati ife? Dzuwa likupendeka, ndipo mudzi uno sindikuukhulupirira."

"Mphindi makumi awiri, a Sajeni. Ikani alonda. Wina andipatse sopo."

Aka kanali koyamba kumulamula Hobbs mosapempha. Anagona chafufumimba m'ndowe, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa, tsaya litatsamira pa thako la njatiyo, maso ali tsinzi, akuiyankhula mofatsa ngati ikumva. Atawongola mwendo wopindika uja anaitanitsa zingwe za jombo, n'kumangirira timiyendo tija, n'kuuza mkulu uja ndi manja kuti akoke naye limodzi. Mwanayo atatuluka anali zii, osapuma. Dahlquist anamuchotsa mamina ndi zala, n'kumulowetsa kaudzu m'mphuno, ndipo kanyamako kanayetsemula. Anyamata amene dzulo lake anali atagwidwa ndi mantha mnzawo ataponda bomba anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Mkulu uja anagwira dzanja la ndowelo ndi manja ake awiri n'kuliika pamphumi pake.

Hobbs yekha ndiye sanaseke. Atatuluka m'mudzimo anamukokera Dahlquist pambali.

"Mwasangalala? Mudzi wonse tsopano ukudziwa amene amalamula gulu lino. Wamtali, wa tsitsi lachimanga. Mwachita kuwalembera."

"Mwaona momwe kanaimirira?" anatero Dahlquist, maso akuwala. "A Sajeni, chibwerereni kuno ndi lero lokha limene ndagwira ntchito yomwe ndimaidziwa."

Madzulo ake, akudya dzuwa lisanalowe, Dahlquist anamufotokozera za kwawo. Anali mwana mmodzi yekha. Anayamba kukama ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, m'nyengo yozizira yoti mkaka umaundana m'ndowa usanafike kunyumba. Bambo ake, a Arvid, anali munthu woti mawu khumi patsiku ndiye kuti alongolola. Iwo ankafuna kuti mwana wawo adzatenge famu, iye ankafuna udokotala wa ziweto, ndipo njira yopitira kukoleji inali yodzera ku usilikali. Tsiku lonyamuka bambo akewo sanamuperekeze kubasi, ati ng'ombe ina inali pafupi kubereka. Koma basi itadutsa kumapeto kwa munda wawo anawaona ataima pampanda, chipewa chili m'manja, ndipo kumeneko kunalibe ng'ombe ngakhale imodzi.

"Nanga inu, a Sajeni, muli ndi ana?"

"Atsikana awiri. Amandidziwira pa zithunzi."

"Wamwamuna mulibe?"

"Ndili nawo makumi atatu, ndipo wopusa kwambiri ndi amene akundifunsa mafunsoyu. Idyani nyemba zanuzo."

Miyezi isanu ndi umodzi itatsala sabata imodzi kuti ikwane, Dahlquist anabwera ndi nkhani imene Hobbs ankaiopa. Anati walembera Kaputeni kupempha kuti asapite ku desiki, akhale ndi gulu lake mpaka chaka chithe.

"Mwapenga?"

"Akabwera watsopano adzawasocheretsa ngati momwe ndinkachitira ine. Adzafa angati iye asanaphunzire? Benavides watsala ndi miyezi inayi. Ndingakakhale bwanji pansi pa fani, ndikumwa zoziziritsa kukhosi, anzanga ali muno?"

"Mungakakhale bwinobwino, pampando, ngati anzanu onse. Tamverani, a Thole. Mwayi uli ngati sopo, umatha ukamagwiritsidwa ntchito, ndipo wanu watsala kachidutswa. Ine ndinanyamula awiri. Wachitatu sindinyamula."

"Si inu wosankha, a Sajeni."

Anali kunena zoona, koma sajeni wa zaka makumi awiri za usilikali amadziwa makomo amene lefutenanti sawadziwa. Helikopita ya chakudya itabwera, Hobbs anakwera nayo ati kukaonetsa dzino, n'kukalowa mu tenti ya Kaputeni. Ananama mosaphethira. Anati mnyamatayo watopa, manja ayamba kunjenjemera, akumaiwala zinthu, ndipo akapitiriza aphetsa anthu. Kaputeni anang'amba kalata ija pomwepo. Dahlquist atamva kuti pempho lake lakanidwa, ndiponso chifukwa chake, anapita kwa Hobbs.

"Manja anga akunjenjemera, a Sajeni?"

"Kwambiri."

Masiku anayi sanamuyankhule kupatula za ntchito. Hobbs zinamupweteka kuposa momwe ankayembekezera, koma ankadziuza kuti bola kudedwa ndi munthu wamoyo.

Tsiku lonyamuka linacha bwino, kopanda mtambo. Anali atabwerera paphiri lawo lija, ndipo kwa milungu itatu kunali kusanamveke mfuti ngakhale imodzi kuchokera m'mitengo. Dahlquist anazungulira maenje onse obisalamo anyamata kutsanzika. Anagawa masokosi ake ouma, n'kumuuza Benavides kuti chala chake chachikulu cha kuphazi asasiye kuthira mankhwala.

"Pitani, a Thole, mukanenepe," anatero Benavides. "Mukatitumizireko ayisikilimu pa envelopu."

Helikopita inamveka kuseri kwa phiri. Hobbs anaponya bomba la utsi pabwalo loterapo, n'kuima pambali manja ali m'chiuno. Dahlquist anabwera ndi chikwama chake paphewa n'kuima patsogolo pake. Anali atawonda, khungu litapsa, maso atalowa, sanalinso mwana uja wa mizere ya simbi.

"Ndinakukwiyirani, a Sajeni."

"Ndinaona."

"Ndikadali wokwiya. Koma mayi anga akadziwa zimene munachita adzakuphikirani mpaka mudzalephere kuimirira. Nkhondo ikatha mubwere ku Minnesota. Zikomo, madala. Mwandilera."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda chowerama kulowera ku helikopita, imene inali itangogunda pansi. Hobbs anamuyang'ana kumsana. Wakwanitsa. Mmodzi yekha, koma wakwanitsa, akupita ndi miyendo yake. M'zaka makumi awiri anali atachitira sawatcha mazana a maofisala, ambiri a iwo anthu oti sakanawapatsa ngakhale mbuzi kuti awete, ndipo mmodzi yekha amene anayeneradi ulemuwo anali asanamuchitirepo n'kamodzi komwe. Sanaganize. Zidendene zinagundana zokha, msana unawongoka, dzanja lamanja linakwera mpaka pachipewa.

Dahlquist anacheuka kuti abayibitse, ndipo anaona. Nkhope yake yonse inaseka. Ofisala akapatsidwa sawatcha amabweza, zimenezo amaziphunzira tsiku loyamba ndipo zimalowa m'mafupa. Anaponya chikwama pansi, n'kuwongoka utali wake wonse pakati pa bwalo, n'kukweza dzanja.

Kulira kwa mfutiyo sikunamveke bwino chifukwa cha phokoso la helikopita. Hobbs anangoona mnyamatayo akukhala pansi mwadzidzidzi, miyendo itapindika, dzanja likadali m'mwamba. Pomwe ankamufikira, magazi anali atadzaza kale malaya kuchokera pansi pa khosi.

"Thole! Warren! Ndiyang'ane, mwana wanga, ndiyang'ane iwe!"

Anamuyang'anadi, modabwa, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Hobbs anatseka balalo ndi dzanja lomwelo, magazi akutuluka pakati pa zala. Anyamata anali akuwombera m'mitengo mwamisala, koma munthu wodekha uja anali atapita kale. Anamukweza mu helikopita yomwe inabwera kudzamutengayo, ndipo anatsirizika asanadutse mtsinje. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Kaputeni analemba m'lipoti kuti anawomberedwa ndi mdani wobisala pabwalo la helikopita, ndipo sanafunse zambiri. Amene anaona sawatcha ija anali Benavides yekha. Tsiku lotsatira anabwera pomwe Hobbs anakhala, n'kumuyatsira ndudu.

"Madala, utsi unali wambiri dzulo. Ine sindinaone kanthu."

"Unaona."

"Mwina anali atamudziwa kale. Mudzi uja wa njati. Utali wakewo. Munthu wokwera helikopita ndi chikwama aliyense angamuganizire. Simungadziwe, madala."

N'zoona, sakanadziwa, ndipo kusadziwako ndiko kunamudya. Anamaliza chaka chake, n'kubwerera ku Georgia, n'kupuma usilikali. Mkazi wake ankamupeza atakhala pakhonde akuyang'ana dzanja lake ngati la munthu wina. Madzi akatayika saoleka, ankadziuza choncho, koma mwambi sunamugonetsepo tulo. Chaka chotsatira, masamba atayamba kufiira, anauza mkazi wake kuti ali ndi ulendo, n'kuyendetsa galimoto masiku awiri kulowera kumpoto.

Anafika pafamupo chakumasana. M'dera lonselo munthu wakuda ankaoneka mwa apo ndi apo, ndipo mayi amene anatsegula chitseko anayamba adodoma. Atangotchula dzina lake, mayiwo anagwira pakamwa.

"Sajeni Hobbs! Arvid ali kukhola. Pitani mukawaone, ine ndiike mbale ina patebulo. Musakane, m'nyumba muno simutuluka ndi njala."

Bambo Dahlquist anali wamtali ngati mwana wawo, koma wopindika msana. Anali akutsuka zitini za mkaka. Anamva dzinalo, n'kupukuta dzanja pa ovolosi, n'kumupatsa moni, n'kubwerera ku zitini zawo. Hobbs anaima pakhomo chipewa chili m'manja, mawu onse amene anawakonza m'njira atabalalika.

"Kaputeni wanu anatilembera," anayamba ndi bambowo, osacheuka. "Anati anafa akutsogolera anyamata ake molimba mtima. A Lindgren kuseri kwa phiriko analandira kalata ya imfa ya mwana wawo, mawu ake omwewo, mzere ndi mzere. Ndiye ine sindidziwa kuti mwana wanga anafa bwanji. Inu munalipo?"

"Ndinalipo, bambo."

"Nenani."

Ananena zonse. Za lamulo la sawatcha limene iye mwini ankamenyera anthu, za kalata imene anakaing'ambitsa ndi bodza, za m'mawa uja wopanda mtambo. Sanadzichepetsere mlandu ndipo sanatchule za njati kapena za utali. Pomwe ankafika pa dzanja lake, mawu anali akutuluka mokakamiza, koma anamaliza. Bambowo anali atasiya kutsuka. Madzi ankangotuluka pampopi n'kumasefukira pansi.

"Ankapita kukakwera?"

"Anatsala mapazi khumi."

"Ndiye inu munamuitana."

"Sindinamuitane ndi pakamwa. Koma inde."

"Iye anatani?"

"Anaseka, bambo. Anaponya chikwama, n'kuimirira bwinobwino, n'kundibwezera."

Bambo Dahlquist anatseka mpopi. Anayenda mpaka kumapeto kwa khola, n'kuima atafulatira, dzanja lili pamsana pa ng'ombe ina. Mapewa awo ankagwedezeka. Hobbs anadikira. Akanakonda kuti munthuyo atole fosholo amumenye nayo. Patapita nthawi bambowo anabwerera, maso ali psuu.

"Mwayenda ulendo wonsewu kudzafuna chiyani? Kuti ndikutukwaneni, kapena kuti ndikukhululukireni?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Zonse ziwiri lero ndilibe. Mwina sindidzakhala nazo. Koma chinthu chimodzi ndikupemphani. Mayi ake asamve. Iwo amagona chifukwa amakhulupirira kuti panalibe chimene munthu akanachita. Katundu ameneyu mwanditulira theka, ndalandira, tisenza awiri. Wachitatu ayi."

Belu loitanira chakudya linalira kukhonde. Amuna awiriwo anasamba m'manja pampopi womwewo, wina atatha mnzake, n'kuyenda kupita kunyumba.

Patebulo panali nyama yowotcha, mbatata, buledi wotentha ndi chitumbuwa cha maapozi. Mayi Dahlquist anamukhazika Hobbs pampando woyang'ana pawindo, ndipo iye sanachite kufunsa kuti unali wa yani. Atapemphera, mayiwo anatulutsa mtolo wa makalata m'thumba la epuloni, womanga ndi ulusi, m'mbali mwake mutada ndi kugwiridwagwiridwa.

"M'kalata iliyonse muli inu," anatero. "A Sajeni andikalipira, a Sajeni andilanda kampasi. Tamverani iyi. 'Amayi, musadandaule za ine. Pali mdala wina kuno amene watsimikiza kuti ndibwerera kwathu, ndipo ameneyo sagonja kwa munthu.'" Anapinda kalatayo mosamala. "Ndikudziwa kuti munayesetsa. Miyezi isanu ndi umodzi ija munatipatsa ndinu. Ndakhala ndikupempha Mulungu kuti ndidzakuoneni ndi maso, ndikuthokozeni chifukwa chondisungira mwana wanga."

Anatambasula manja n'kugwira dzanja lamanja la Hobbs, n'kulifinya. Hobbs anafuna kulichotsa koma analibe mphamvu. Anayang'ana kwa bambo Dahlquist. Iwo anali akudula nyama m'mbale mwawo pang'onopang'ono, maso ali pampeni.

"Yankhani, a Sajeni," anatero bambowo osadzutsa mutu. "Mayi akukuthokozani."

"Zikomo, mayi," anatero Hobbs. "Anali mwana wabwino."

Mayiwo anamuwonjezera mbatata, ndipo iye anadya zonse.